Wofuna golide ku Kaseye ayambe ndi beseni, makina adikire

Mu Okutobala 2025 mtengo wa golide pa msika wa dziko lonse udapyola madola 4,000 pa aunsi imodzi. Aunsi ndi magalamu 31, ndipo poti golide ndi wolemera zedi, magalamu amenewa sadzaza n'komwe kachitsekerero ka botolo la zakumwa. Nkhani yotere sichedwa panjira. Imafika pa foni ya mnyamata wa ku Kaseye tsiku lomwe yamveka ku London, limodzi ndi timavidiyo ta pa Facebook ndi TikTok toonetsa munthu akuyendetsa ndodo ya chimbale kumapeto pamwamba pa nthaka, makina n'kulira, iye n'kugwada, n'kufukula kamwala kachikasu. Kwa wokhala m'boma la Chitipa zimenezi si za kutali monga angazionere wa ku Nsanje. Tsidya la Songwe ndi Tanzania, ndipo kupitirira Mbeya kuli Chunya, kumene anthu amasakadi golide ndi makina amenewa. Choncho munthu akagulitsa chimanga, nyemba kapena ng'ombe, maganizo ogula makinawa, otchedwa detekita, amabwera okha osawaitana. Kufuna kudziwa za pansi pa nthaka ndi mtima wabwino, ndipo ndikanakonda achinyamata ambiri akanakhala nawo. Koma amene akufuna kuyamba ayambe ndi chilolezo, beseni, maginito ndi kope. Makina ndi chinthu chomaliza kugula, ndipo ambiri akaidziwa bwino nthaka ya kwawo adzaona okha kuti chimene makinawo angawapezere kawirikawiri si golide.

Tiyambe ndi makinawo, chifukwa bodza lambiri limabisala pa kusadziwa mmene amagwirira ntchito. Chimbale chakumapeto kwa ndodo chija m'kati mwake muli waya wokulungidwa. Magetsi a batire akamayenda mu waya ameneyu amatulutsa mphamvu ya maginito imene imalowa m'nthaka. Mphamvuyo ikakumana ndi chitsulo chilichonse imadzutsamo timagetsi tating'ono, timagetsito timabweza mphamvu yawo, makina n'kuimva, n'kulira. Nzeru yonse ndi imeneyi. Makina saona golide, sanunkhiza golide, amangomva kuti pansi apa pali chinthu chodutsa magetsi. Msomali, chidutswa cha khasu, waya wa msampha, pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya, zonsezi zimawaliza. Vutoli ndi lakale ngati makinawo. M'chaka cha 1881 Alexander Graham Bell adapanga chipangizo chofufuzira chipolopolo m'thupi la mtsogoleri wa dziko la America, James Garfield, amene adawomberedwa, ndipo chimodzi mwa zinthu zimene zidamusokoneza ndi mawaya a chitsulo a m'bedi limene wodwalayo adagonapo. Makina a lero ndi anzeru kuposa pamenepo, amayesa kusiyanitsa chitsulo cha dzimbiri ndi zitsulo zina, koma wosaka golide weniweni sadalira kwambiri kusiyanitsako, chifukwa kagolide kakang'ono kamalira mofanana ndi zinyalala. Amakumba pafupifupi paliponse pamene palira, ndipo mwa maenje ambirimbiri ochuluka amatulutsa dzimbiri.

Chachiwiri chimene wogulitsa sathamangira kunena n'chakuti makinawa ali ndi malire aafupi. Khobidi amalimva likakhala pakuya kwa masentimita 20 kapena 30. Kagolide kochepa ngati njere ya mawere amakamva kakakhala pafupi ndi pamwamba penipeni, ndipo golide wa fumbi, womwazika mu mchenga, samumva n'komwe ngakhale atakhala wambiri bwanji, popeza kanjere kalikonse kamayankha pakokha ndipo liwu lake ndi lochepetsetsa. Onjezanipo nthaka yathu. Katondo wofiira amene ali ponseponse m'dziko muno ndi wofiira chifukwa cha chitsulo chimene chili m'kati mwake, ndipo makina otsika mtengo akafika pa nthaka yotere amangolongolola osapuma. Makina olimbana ndi vutoli alipo, monga a kampani ya Minelab ya ku Australia kapena Garrett ya ku America, koma otsika mtengo mwa makina enieni a golide amagulidwa madola mazanamazana, ndipo apamwamba amafika masauzande angapo. Pamene pali ndalama zotere, achinyengo sasowa. Makina abodza ovala dzina la makampani odziwika adzaza misika ya mu Africa muno. Palinso mtundu wina woipitsitsa, wa tinyanga tozungulira, umene amati umalozera golide ali pamtunda wa makilomita kapena pakuya kwa mamita ambiri. Palibe sayansi imene imaikira kumbuyo zimenezi. Mu 2013 khoti la ku London lidalamula James McCormick kukakhala kundende zaka 10 chifukwa chogulitsa zipangizo za tinyanga zotere kwa asilikali ndi apolisi a ku Iraq ndi maiko ena ponama kuti zimapeza mabomba. Ngati maboma adapusitsidwa, mlimi amene watenga ngongole ku banki mkhonde ali pa ngozi yaikulu koposa.

Wina anena kuti, nanga a ku Chunya aja akupeza bwanji? Funsoli ndi lomveka, ndipo lili ndi mphamvu kuposa mmene ofunsawo amadziwira. Miyala ya mapiri a Misuku ndi mbali ya mzere wa miyala yakalekale umene akatswiri amautcha Ubendian, ndipo mzere womwewu ndi umene uli ndi golide wa ku Lupa, m'dera la Chunya. Ubale ulipodi. Koma abale a bere limodzi salemera mofanana. Golide sapezeka paliponse pamene pali miyala ya mtundu umodzi. Amaunjikana m'malo ochepa mmene madzi otentha a pansi pa dziko adadutsa m'ming'alu kalekale n'kusiya misempha ya mwala woyera. Ku Lupa golide adadziwika mu 1922, ndipo amene adamupeza sadagwiritse makina olira. Adamupeza m'mitsinje, potsuka mchenga. M'zaka za m'ma 1930 anthu ankhaninkhani adakhamukira kumeneko, ambiri mwa iwo ochokera ku Nyasaland ndi Northern Rhodesia, akuyenda wapansi kudutsa m'madera omwe ano a m'malire. Mbiri ya nthawi imeneyo ili ndi matenda obwera chifukwa cha chakudya choperewera ndiponso antchito amene mabwana awo adalephera kuwalipira. Detekita idafika ku Chunya patatha zaka makumi ambiri anthu akudziwa kale phiri lililonse ndi khwawa lililonse limene limatulutsa timiyala ta golide. Makina adatsata nzeru, sadaitsogolere. Chimodzimodzi ku Australia, kumene mu 1980 munthu wina adapeza ndi detekita chimwala cha golide cholemera makilogalamu 27 pafupi ndi Kingower, m'chigawo cha Victoria. Adachipeza m'dera limene anthu adakhala akukumbamo golide kuyambira m'ma 1850.

Kwathu kuno mayina amene amamveka kwambiri pa nkhani ya golide ndi chigwa cha Lisungwe, Makanjira ku Mangochi, madera ena a Kasungu, Nkhotakota ndi Nkhata Bay, ndipo golide wochuluka wa m'malo amenewa amatuluka potsuka mchenga ndi dothi kapena posinja miyala. Ndiye kuti ndi golide wa mtundu uja umene makina saumva. Nzeru yoyamba ya wofuna kuyamba, tsono, ndi kufunsa zimene ena adapeza kale. Nthambi ya boma yoona za miyala, imene likulu lake lili ku Zomba, ili ndi mapu ndi malipoti a maboma onse kuchokera nthawi ya atsamunda. Anthu ambiri akukumbukiranso ndege ya kauniuni imene inkauluka chapansipansi m'dziko lonse lino, zotsatira zake n'kutulutsidwa mu 2015. Ena adamva ngati ndegeyo idajambula golide pansi pa nthaka. Sizinali choncho. Idayeza mphamvu ya maginito ya miyala, kulemera kwake ndi cheza chimene miyala ina imatulutsa, ndipo zimenezi zimangothandiza katswiri kudziwa koyambira kuyang'ana. Ngati ndege ya zipangizo zodula chotero imangolozera koyambira, ndodo ya batire singalonjeze zoposa apo.

Beseni ndiye limanena zoona, ndipo silidya ndalama. Chinsinsi chake amachidziwa kale mayi aliyense amene adagwirapo lichero. Popeta, chopepuka chimapita kutsogolo, cholemera chimatsalira. Golide amalemera kuposa madzi ka 19, pamene mchenga wamba umalemera kuposa madzi kosafika katatu, choncho m'madzi ogwedezeka golide amathamangira pansi kuposa china chilichonse. Mtsinje umachita ntchito yopetayi chaka ndi chaka nthawi ya dzinja, n'kusiya zolemera m'malo odziwika: m'kati mwa gondo mmene madzi amafookera, kuseri kwa mwala waukulu, ndiponso m'ming'alu ya thanthwe la pansi pa mtsinje. Wofufuza amapala mchenga wa pamwamba n'kuutaya, amatapa wa pansi penipeni, wothinana ndi nsangalabwi, mpaka kukokota ming'alu ndi supuni. Amamiza beseni lonse m'madzi, amafikisa dongo ndi zala mpaka lisungunuke, amatola miyala ikuluikulu n'kuitsukira momwemo asanaitaye. Kenaka amagwedeza beseni uku ndi uku mwamphamvu kuti zolemera zitsike, amalipendeketsa pang'ono, madzi n'kumanyambita mchenga wa pamwamba pang'onopang'ono. Amagwedezanso, amapendeketsanso. Pomaliza mumatsala mchenga wakuda wokwana m'supuni imodzi kapena ziwiri. Akathiramo timadzi n'kuzunguliza mofatsa, mchenga wakuda uja umasuntha, ndipo ngati muli golide amatsalira kumbuyo ngati kamchira kachikasu kosafuna kuyenda. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Beseni limodzi limatha kudya mphindi 15 kapena kuposerapo kwa wophunzira, ndipo tsiku loyamba msana umadandaula.

Pamenepa ndi pamene kope limalowera. Beseni limodzi silinena kanthu. Mabeseni makumi angapo, otapidwa m'malo osiyanasiyana motsata mtsinje wa Kaseye kapena timakwawa tothira m'menemo, lililonse litalembedwa malo ake ndi kuchuluka kwa timadontho tachikasu timene taoneka, amayamba kufotokoza nkhani. Timadontho tikamachuluka pamene mukukwera kumtunda, kenaka n'kuzimiririka, gwero lili pakati pa malo awiri omalizawo. Golide wophwatalala ndi wosalala wayenda mtunda wautali, wa nsonga ndi wokakala wachokera pafupi. Ngati mwezi wonse wa chilimwe watha osaona kadontho n'kamodzi komwe, limenelonso ndi yankho, ndipo lapulumutsa ng'ombe imene ikadagulitsidwa. Kopelo limatetezanso ku chikomekome cha mkuyu. M'mitsinje yathu mwadzaza timapepala tonyezimira ta mwala wa mika, timene timawala ngati golide dzuwa likamenya, koma timayandama m'beseni ndipo mukatikanikiza ndi chikhadabo timanyenyeka. Palinso pyrite, mwala wachikasu wa makona, umene umaphwanyika ukamenyedwa ndi hamala n'kusiya ufa wakuda. Golide saphwanyika. Amaphwatalala, singano imamuboola ngati mtovu, ndipo mtundu wake susintha kaya pa dzuwa kaya pa mthunzi. Maginito wokulungidwa m'jumbo amachotsa mchenga wakuda wambiri koma golide samukoka.

Ndayamba ndi beseni, koma chilolezo chimayamba beseni lisanalowe m'madzi. Ku Kaseye, monga kwina kulikonse m'dziko muno, kulibe malo opanda mwini. Munda uli ndi mwini wake, dimba lili ndi mwini wake, thengo lili m'manja mwa a mfumu, ndipo malo a mishoni, a chipatala ndi a sukulu ya atsikana ali ndi owayang'anira. Nkhalango za Mughese, Wilindi ndi Matipa ku Misuku ndi zotetezedwa, chimodzimodzi Nyika. Kumanda ndi kumalo a nsembe sikulowedwa ndi khasu la wosaka chuma, ndipo izi sizifunika lamulo lolembedwa kuti munthu woleredwa azidziwe. Pamwamba pa zonsezi pali lamulo la migodi la 2023, limene lidalowa m'malo mwa la 2019, lomwenso lidachotsa lakale la 1981. Mfundo yake yaikulu ndi yakuti miyala ya mtengo wapatali ya pansi pa nthaka ndi ya dziko, ngakhale ili pansi pa munda umene agogo anu adalima. Kufufuza kumafuna chiphaso, kukumba kumafuna chiphaso china, kugula ndi kugulitsa golide kumafunanso chake. Chilolezo cha a mfumu n'chofunika, koma sichilowa m'malo mwa chiphaso cha boma, ndipo chiphaso cha boma sichimupatsa munthu ufulu wonyoza mwini munda.

Apa pali dandaulo limene sindingalikane. Munthu wa ku Kaseye anena kuti maofesi a ziphaso ali kutali, Mzuzu ndi ulendo wa tsiku, Lilongwe ndiye osanena, ndipo ndalama ya thiransipoti yokha ikhoza kuposa golide yense amene angapeze chaka chonse. Anenanso kuti malamulo adalembedwa poganizira makampani onga amene ali ku mgodi wa Kayelekera, osati munthu wa beseni limodzi Loweruka masana. Akunena zoona, ndipo mpata umenewu ndi umene umakankhira anthu abwinobwino m'manja mwa mavenda ozembetsa golide kunja. Ku Victoria kuja munthu amagula chikalata chotsika mtengo chotchedwa Miner's Right, chimene chimagwira ntchito zaka 10 ndipo chimamulola kufufuza ndi beseni, detekita ndi zida za manja m'malo ololedwa, bola akwirire maenje ake. Bungwe latsopano loyang'anira migodi limene lamulo la 2023 lidakhazikitsa lingachite bwino kuganizira chikalata chonga chimenechi, chopezeka pa ofesi ya DC ku Chitipa. Koma kuvuta kwa njira sikusandutsa kuzemba kukhala nzeru. Kuyambira 2021 Banki Yaikulu ya dziko lino, kudzera ku Export Development Fund, imagula golide kwa okumba ang'onoang'ono, ndipo wofika pa khomo limenelo ndi amene ali poyera, makamaka amene ali m'gulu kapena kopaletivi. Wozemba amagulitsa usiku, pa sikelo ya wogula, pa mtengo wa wogula, ndipo akaberedwa alibe kokadandaula. Anthu khumi akasonkherana, ulendo wa ku Mzuzu umapepuka.

Dandaulo lina ndi lolemera kuposa limeneli. Ena anena kuti kulankhula za kufufuza miyala ngati chosangalatsa cha pa nthawi yopuma ndi chilankhulo cha anthu okhuta. Kwacha idagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, thumba la feteleza lidakwera, fizi ikudikira, ndiye munthu angayende bwanji mumtsinje ndi kope ngati mwana wa sukulu? Ndikumva kulemera kwa mawu amenewa, koma ndikuona kuti umphawi ndiwo ukulimbikitsa mfundo yanga. Wolemera akagula makina osapeza kanthu, wataya ndalama ya zosangalatsa. Wosauka akatero wataya mbewu, wataya ng'ombe yolimira, ndipo ngati ndalamayo inali ya katapila wataya ndi mtendere wa pabanja. Ngongole imasinthanso khalidwe la munthu pa ntchitoyi. Wofufuza amene alibe ngongole akaona kuti palibe kanthu amanyamula beseni lake n'kubwerera kumunda. Wa ngongole sangathe kuvomereza. Amakumba mozama, amalowa pansi pa gombe la mtsinje, amapitiriza ngakhale mvula yayamba, ndipo umu ndi mmene maenje amagumukira anthu, monga zakhala zikumveka ku Kasungu. Kutcha ntchitoyi chosangalatsa sikuipeputsa. Ndi kuika malire: nthawi yake ndi chilimwe zokolola zitalowa m'nkhokwe, ndalama yake ndi imene banja lingataye osagona ndi njala, ndipo dzenje lake silipitirira m'chiuno.

Malire ena awiri ndi osakambirana. Oyamba ndi mekyule, madzi olemera onyezimira aja amene okumba ambiri amagwirira golide wa fumbi kenaka n'kuwotcha. Utsi wake umawononga ubongo, misempha ndi impso, ndipo wotsalira m'madzi amalowa mu nsomba n'kufika kwa mwana amene ali m'mimba. Dziko lidaphunzira zimenezi ku Minamata, ku Japan, kumene matendawa adadziwika mu 1956, ndipo pangano la maiko lothana ndi mekyule la 2013 lidatenga dzina la mzinda umenewo. Wa beseni limodzi safunika mekyule ngakhale pang'ono. Achiwiri ndi gombe la mtsinje. Madzi a Kaseye amathirira madimba, amamwetsa ng'ombe, amathera mu Songwe, Songwe n'kuthera m'nyanja. Wogumula gombe waba dimba la mnzake wa kumunsi.

Tsono tinene kuti munthu wadutsa monsemu, wapeza timiyala tooneka ndi maso, ali ndi mapepala ake, ndipo akufuna makina. Agule kwa wogulitsa wovomerezeka ndi kampani yopanga, atsimikize nambala ya makinawo ndi kampaniyo, ndipo asalole kuyeserera pa golide wa wogulitsa ali m'mwamba. Makina ayesedwe pa katondo weniweni, kanthu katakwiriridwa. Asanapite kuthengo akonze kamunda koyesera kuseri kwa nyumba: akwirire khobidi, msomali, chidutswa cha mtovu ndi chitsekerero cha botolo pakuya kosiyanasiyana, aphunzire liwu la chilichonse mpaka khutu lizolowere. Chimbale chiziyenda chapansi, chokhudza udzu, mosathamanga, mzere uliwonse ukuphimba theka la unzake. Ndipo poti ndalama yake ndi yambiri, makina amodzi a gulu ndi anzeru kuposa makina asanu a ngongole.

Chimene makinawo adzapeze kwambiri ku Chitipa ndi chitsulo, ndipo apa ndi pamene ndikufuna kukhalitsa, chifukwa ambiri amachitaya kuthengo mokhumudwa osadziwa chimene agwira. Dera lino ndi njira yakale. Msewu wa Stevenson, umene udayamba kulambulidwa mu 1881 kuti ulumikize nyanja yathu ndi ya Tanganyika, udachokera ku Karonga n'kukwera kudutsa m'dera lino. Boma la Chitipa linkatchedwa Fort Hill, ndipo dzinalo likunena lokha kuti padali linga. Pangano la Angerezi ndi Ajeremani la 1890 lidasandutsa Songwe kukhala malire, motero nkhondo yoyamba ya dziko lonse itabuka, malire amenewa adasanduka bwalo la nkhondo. Ku Karonga kudamenyedwa nkhondo mu Seputembala 1914, ndipo mu 1916 asilikali a General Edward Northey adalowa m'dziko la tsidya la Songwe, limene linkalamulidwa ndi Ajeremani, kuchokera m'malire omwe ano, Fort Hill ali amodzi mwa malo awo. Kumbuyo kwa msilikali aliyense kudali amtengatenga angapo, osenza ufa, zipolopolo ndi mahema pamutu. Amuna a ku Nyasaland amene adagwira ntchito imeneyi adali pafupifupi 200,000, ndipo ambiri adafera m'njira ndi njala ndi matenda, mayina awo osalembedwa paliponse. Batani la yunifolomu, chomangira lamba, chikopa cha chipolopolo, ndalama ya heller kapena rupiya ya Ajeremani, khobidi loboola pakati la nthawi ya chitaganya, zonsezi zikhoza kugona pansi pa munda wa chimanga. Kupyola apo pali zakale kwambiri: makasu, mikondo, zibangili za mkuwa, ndi zotsalira za ng'anjo mmene makolo ankasungunulira chitsulo Mzungu asanafike. Wosaka akumbukirenso kuti za nkhondo zina siziwola mphamvu. Chinthu chooneka ngati bomba kapena chipolopolo chachikulu chosaphulika sachigogoda ndi khasu, amachisiya pomwepo n'kudziwitsa apolisi.

Zinthu zimenezi zili ndi adani awiri. Woyamba ndi mphekesera yofala m'maiko a kuno yakuti rupiya ya Ajeremani ili ndi mphamvu zachilendo ndipo pali ogula okonzeka kupereka mamiliyoni. Rupiya ndi ndalama ya siliva imene idasulidwa yambirimbiri, ndipo osonkhanitsa ndalama zakale amaigula pa mtengo wamba. Mphekeserayi imalemeretsa akathyali okha, ndipo imatumiza anthu kukagumula nyumba zakale ndi manda. Mdani wachiwiri ndi kusadziwa kuti phindu la chinthu chakale lili pa malo amene chapezeka. Mkondo wozulidwa n'kuponyedwa m'thumba ndi chitsulo cha dzimbiri basi. Mkondo womwewo, ukadziwika kuti udali pakuya kwakuti, pafupi ndi mapale a mtundu wakuti ndi makala, umatha kunena za anthu amene adakhala pamenepo ndi nthawi yawo, chifukwa makala amapimidwa zaka. N'chifukwa chake lamulo la zipilala ndi zinthu zakale la 1990 limaletsa kufukula malo a mbiri popanda chilolezo, limaletsa kutulutsa zinthu zotere kunja, ndipo limafuna kuti wopeza adziwitse boma.

Anthu amaopa kuti akanena adzalandidwa osapatsidwa kanthu, ndipo mantha amenewa boma liyenera kuwayankha ndi zochita. Ku Britain adaona vuto lomweli. Lamulo lawo la 1996 lidakonza zoti chuma chakale chikapezeka chiyesedwe mtengo, nyumba yosungira zakale ichigule, ndalama agawane wopeza ndi mwini munda. Mu 2009 Terry Herbert adapeza ndi detekita mulu wa zinthu za golide zolemera pafupifupi makilogalamu 5 m'munda wina ku Staffordshire, ndipo iye ndi mwini mundawo adagawana mapaundi oposa 3 miliyoni, zinthuzo n'kukhala poti aliyense azione. Koma chachikulu m'dongosolo lawo si mphotho. Ndi kaundula amene adayamba mu 1997, mmene anthu wamba amalembetsa ngakhale batani ndi khobidi, ndipo kaundula ameneyu wasintha zimene akatswiri amadziwa za mbiri ya dzikolo. Ife poyambira tili napo. Ku Karonga kuli nyumba yosungira zakale imene idatsegulidwa mu 2004, ndipo kuchokera ku Chitipa msewu wake ndi wa tala. Mphunzitsi wa mbiri kapena wa jogalafe ku Kaseye, atagwirizana ndi a mfumu ndi akuluakulu a nyumba imeneyi, angathe kusunga kaundula wa dera lonse m'kope limodzi lachikuto cholimba. Wopeza kanthu, kaya ndi makina kaya ndi khasu polima, achijambule ndi foni chili pomwepo asanachisunthe, ayike khobidi la lero pambali kuti kukula kwake kudziwike, alembe tsiku, mudzi, mwini munda ndi kuya kwake, asachikweche dzimbiri, ndipo ngati pansi pake pakuoneka mapale, makala kapena mafupa, akwirire mofatsa n'kukaitana odziwa.